Mmene kholo logwira ntchito mu Chipata lingapezere nthawi yolimbitsa thupi

Ola lathunthu lopanda chochita silibwera kwa kholo logwira ntchito. Amene amadzuka kukadali mdima, kukoleza mbaula, kusambitsa ana, kuwaperekeza kusukulu, kenako n'kuthamangira ku ofesi kapena kukatsegula shopu ku Down Shops, akamadikira kuti zochita ziyambe zachepa, adzadikira mpaka kulandira penshoni. Nthawi yolimbitsa thupi imachita kubenthulidwa ku zimene mukuchita kale: ulendo wa kuntchito, ola la nkhomaliro, mphindi zimene nyemba zili pamoto. Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi kumvana ndi a pakhomo panu kuti atsale ndi ana ndani. Tifikako.

Yambani mwadziwa muyezo

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, linati munthu wamkulu amafunika mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera olimbitsa thupi apakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 ngati masewerawo ndi amphamvu monga kuthamanga. Pamwamba pa izi, masiku awiri pa sabata azichita zolimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi theka la ola tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, basi. Chokomera ife otanganidwa n'chakuti malangizo akale ankawerengera zokhazo zimene wachita kwa mphindi 10 osalekeza, koma a 2020 anachotsa zimenezo. Mphindi zisanu m'mawa, zisanu masana, khumi madzulo, zonse zimalowa m'chiwerengero.

Kuti mudziwe ngati mwafika pa muyezo wapakatikati simufunika wotchi yodula. Mukamayenda n'kumatha kuyankha moni ndi kucheza mwachidule, koma nyimbo ya kwaya n'kukukanikani chifukwa mpweya sukukwanira, mwafikapo. Ngati mukutha kuimba ndime yonse, mukungowongola miyendo. Onjezerani liwiro.

Sikuti aliyense akufunika zimenezi mofanana. Mnyamata wa kabaza amene amakwera zitunda za mu Chipata atanyamula munthu ndi thumba la chimanga, mayi wotunga madzi maulendo angapo pa tsiku, mlimi wounda mizere ku Chiparamba kapena ku Vubwi, amenewa muyezo anaupitirira kalekale. Chimene akusowa ndi kupuma ndi kusamala msana. Ndikulembera inu amene ntchito yanu ndi yokhala pansi: a m'maofesi a boma, a kubanki, atelala, madalaivala, ogulitsa m'mashopu, ndi achinyamata amene amatandala m'tinyumba ta mobile money kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, miyendo itapindidwa.

Musanayambe, pitani kukiliniki mukayezetse BP. Kafukufuku wa za umoyo wotchedwa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo vutoli nthawi zambiri silimveka m'thupi mpaka litawononga kale. Lembani manambalawo m'kabuku. Akafika 140/90 kapena kuposa, kapena ngati muli ndi shuga, vuto la mtima, kapena ndinu oyembekezera, funsani anesi kapena adokotala zimene mungachite ndi zimene muyenera kupewa. Ambiri adzakuuzani kuti kuyenda n'kwabwino, koma ndi bwino mumve kwa iwo amene akuyezani.

Lilembeni tsiku lanu monga lilili

Tengani masiku awiri a ntchito ndi Loweruka limodzi, mulembe zimene mukuchita ola ndi ola. Lembani zoona zokhazokha, pepalalo palibe amene adzalione. Mukatha, chongani malo atatu: pamene mukudikira, pamene mwakwera chinthu pa mtunda woyendeka ndi miyendo, ndi pamene foni kapena TV yakugwirani.

Ambiri amadabwa ndi malo oyambawo. Kudikira takisi kuti idzaze. Kuima pageti la sukulu belu lisanalire. Kukhala pa benchi kuchigayo. Kudikira kuti magetsi ayake. Mphindi zimenezi mwazilipira kale, zangotsala kuti muzigwiritse ntchito. Za foni sindinena zambiri, mukudziwa nokha kuti WhatsApp ya gulu la mpingo, la abale ndi la kuntchito imadya nthawi yotani ana akagona. Chimodzi chokha musachikhudze: tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Kudzuka 04:30 kuti mukathamange mutagona 23:00 kumakhalitsa sabata imodzi yokha, kenako thupi limakana.

Sandutsani ulendo wa kuntchito kukhala masewera

Apa ndi pamene mphindi zambiri zimapezeka. Munthu woyenda ndawala amatha kilomita imodzi m'mphindi pafupifupi 12. Ngati kwanu ndi ku Kapata, ku Kalongwezi kapena ku Moth ndipo mumagwira ntchito m'tauni, yesani tsiku limodzi kuyenda ulendo wonse mutayang'ana nthawi ponyamuka ndi pofika. Ukakhala wa mphindi 20 mpaka 30, nkhani yatha: kupita kokha masiku asanu kwakupatsani gawo lalikulu la muyezo wa sabata, ndipo ndalama ya takisi yatsala m'thumba. Ngati kwanu n'kutali, tsikirani panjira, mutsirize mphindi 10 kapena 15 zomaliza wapansi. A motoka yawoyawo, iimikeni patali ndi ofesi, pamalo otetezeka.

Sankhani ulendo umodzi, wopita kapena wobwerera. M'mawa kumakhala kozizira ndipo simunatope, koma mufika ndi thukuta. Nyamulani malaya ena ndi kansalu m'chikwama, nsapato za ku ofesi muzizisiya pansi pa desiki. Madzulo thukuta si nkhani poti mukukasamba, koma ndi nthawi ya ndiwo, ya kutenga ana ndi ya kuthamangira kuphika. Ine ndimaona kuti kwa amayi ambiri m'mawa ndi mmene mumatheka, chifukwa madzulo ali ndi eni ake ambiri.

Kuperekeza ana kusukulu kumawerengedwa theka. Popita mumayenda liwiro la mwana wa giredi 1, amene amaima kuti aone nyerere. Mukangomusiya pageti, pamenepo ndiye yambani ndawala yeniyeni.

Njinga musainyoze. Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira kale, ngakhale fakitale yopanga njinga ya Luangwa Industries inali konkuno. Okonza njinga ali pa mphambano iliyonse, zipangizo n'zosasowa, ndipo zitunda zathu zimachititsa kuti ulendo waufupi ukhale masewera okwanira. Onetsetsani mabuleki, makamaka ngati mukunyamula mwana pa kaliyala, ndipo timiyendo take tisafike pa masipoko.

Ogwira m'maofesi otseka 13:00 mpaka 14:00 ali ndi mpata wina. Nsima sitenga ola lathunthu. Yendani mphindi 15 musanadye kapena mutadya, ndi mnzanu mmodzi wa mu ofesi, pansi pa mitengo. Kuyenda mutangodya kumathandizanso kuti shuga asakwere kwambiri m'magazi, komanso kumachepetsa tulo tija ta 14:30.

Za pamsewu: kuno mamotoka amayenda kumanzere, choncho inu yendani kumanja kuti muziyang'anizana ndi zimene zikubwera. Pa Umodzi Highway ndi pa Great East Road pamadutsa mathiraki opita ndi kuchokera kumalire a Mwami, kuphatikizapo njinga zamoto zimene zimatulukira paliponse. Kukakhala mdima valani zowala, ndipo zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kunyumba. Galu akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuoneka sichichizika.

Pali chinanso chimene chimabweza anthu ambiri kuposa zitunda: pakamwa pa anthu. Mukayamba kuyenda wapansi, wina adzaima ndi motoka. "Abwana, yafa kodi? Kwerani." Mukachepako thupi, achibale adzakuitanirani pambali. "Alamu, mwaonda. Muli bwino koma?" Kwathu kuno mimba ikatuluka amati zinthu zikuyenda. Konzeranitu yankho lalifupi loti musamachite kufotokoza zambiri. "Adokotala anati ndiziyenda chifukwa cha BP" limatseka nkhani msanga, ndipo kawirikawiri wofunsayo amayamba kukuuzani za BP yake.

Kambiranani pakhomo, motchula masiku ndi maola

Gawo ili ndi limene ambiri amalilumpha, n'chifukwa chake amasiya pakatha milungu iwiri. M'nyumba zambiri bambo ndi mayi onse amaweruka 17:00, koma wina akafika amakhala pampando, wina amamanga chitenje n'kulowa kukhitchini. Mayi wotereyu kumuuza kuti apeze nthawi ndi kumunyoza. Nthawi yake ili m'manja mwa anthu ena a m'nyumbamo, ndipo imabwera pokhapokha wina atasenzako ntchito.

Musapemphe mwachisawawa kuti "muzindithandizako". Pempho lotero limavomerezedwa lero, mawa n'kuiwalika. Tchulani tsiku, ola ndi ntchito yake. Mwachitsanzo: "Atate ake, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndizituluka 05:30, ndizibwera 06:00. Madzi osamba ndizisiya pamoto. Inu muziwadzutsa anawa ndi kuwaveka yunifomu. Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo ndi anu, ine ndilipo." Onse awiri apindulepo, ndiye kuti palibe wodandaula. Abambo, kuveka mwana nsapato ndi kumuikira chakudya m'kabokosi sikunachotsepo munthu ulemu. Ndipo mpira wa madala wa Lamlungu, umene umatha ndi maola atatu a mowa, si chifukwa chokanira kuti amake ana nawonso atuluke theka la ola.

M'mabanja ena vuto ndi kukayikirana. Mkazi akatuluka m'bandakucha atavala zothamangira, mafunso amayamba, nthawi zina kwa apongozi kapena kwa aneba. Njira yosavuta ndi kuyenda awiri kapena atatu: aneba, amayi a chigwirizano, a mumphakati mwanu. Njira yake idziwike, nthawi yobwerera idziwike. Zimenezi zimatetezanso kwa akuba, ndipo munthu akakugogoderani pageti simungapitirize kugona. Amene samasuka ndi buluku angamange chitenje pamwamba pake, chofika m'mawondo kuti mwendo uziponyeka bwino.

Olera ana okha, gwirizanani ndi mnzanu wa pafupi ngati mmene mumachitira chilimba: lero ana onse ali kwa inu, mawa ali kwa iye. Ambuya akakhalapo ndi mwayi, koma afunseni, musangowasiyira. Ndipo samalani ndi mtsikana wachibale amene mukumusunga pakhomo. N'chapafupi kumuunjikira zonse poti sangakane, koma nayenso ali ndi sukulu ndi mayeso. Thanzi lanu lisagulidwe ndi giredi 12 yake.

Mphindi 15 zolimbitsa minofu, kawiri pa sabata

Kuyenda kumathandiza mtima ndi mapapo, koma msana, mawondo ndi mapewa zimafunanso ntchito yolemera. Jimu ndi yabwino kwa amene angakwanitse, koma pakhomo zipangizo muli nazo kale. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5 mukachidzaza ndi makilogalamu 5, cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Pezani zigubu ziwiri za malita 5, mpando wolimba ndi mphasa.

Ikani nyemba kapena samp pamoto, mwana wamng'ono akhale kutali ndi mbaula, ndipo yambani ndi kuguba pamalo amodzi mphindi ziwiri mukuzunguza mikono. Kenako imani kutsogolo kwa mpando, mapazi motalikirana ngati mapewa, mutsike ngati mukufuna kukhala, matako angokhudza mpando, n'kudzukanso osagwira kanthu. Chitani ka 10. Zidendene zisanyamuke pansi, mawondo asapindikire m'kati. Mukatero yang'anani kukhoma, manja pakhomapo, thupi lowongoka, muziyandikiza chifuwa n'kudzikankha, ka 10. Zikayamba kuphweka, tsamirani pa tebulo lolimba, pambuyo pake pansi. Chachitatu, weramani pang'ono msana uli wowongoka, chigubu kudzanja lililonse, muzikokera zigubuzo kunthiti ngati mukutunga pachitsime, ka 10. Ichi ndi chimene chimawongola mapewa a anthu otandala pa kompyuta ndi pa makina osokera. Chachinayi, gonani chagada pamphasa, pindani mawondo, mukweze chiuno m'mwamba, muwerenge mpaka 3, n'kutsitsa, ka 10. Pomaliza kwerani ndi kutsika pa sitepe ya khonde kwa mphindi imodzi, mukusinthanitsa mwendo woyamba.

Pumani mphindi imodzi, muone nyemba zija, mubwereze zonse kachiwiri. Musamabanike mpweya ponyamula, chifukwa kutero kumakweza BP. Tulutsani mpweya pamene mukugwiritsa ntchito mphamvu. Siyani tsiku limodzi kapena awiri pakati. Kuphwanya kwa thupi tsiku lotsatira n'kwachibadwa ndipo kumatha. Ululu wobaya pabondo kapena pamsana ndi nkhani ina, siyani chimene chaubweretsacho.

Amayi amene angobereka kumene, yambani ndi kuyenda pang'onopang'ono, ndipo zonyamula ndi zodumpha zidikire mpaka anesi atakuonani pa sikelo ya milungu 6, makamaka ngati munachitidwa opaleshoni. Mkodzo ukamadontha podumpha kapena potsokomola, musachite manyazi kuwauza, pali masewera ake olimbitsa minofu ya m'chiuno. Kuyenda mwana ali kumbuyo ndi masewera okwana ndithu. Kuthamanga kapena kudumpha naye, ayi.

Ana akhale mbali ya masewerawo

WHO imati ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 pa tsiku. Ndiye Loweruka madzulo, kapena magetsi akazima TV n'kukhala chete, tulukani nawo pabwalo. Waida, chidunu, chingwe chodumpha, mpira wa mapepala: yesani mphindi 10 zokha ndi mwana wa zaka 9, muona amene ayambe kupuma wefuwefu. Kuvina nakonso kumawerengedwa. Amene anavinapo chitelele kapena chimtali mpaka nyimbo zitatu zotsatizana akudziwa, ndipo aliyense amene anaonerera ngoma pa Nc'wala ku Mtenguleni sangatsutse kuti kuponda pansi kuja ndi ntchito. Kamodzi pa mwezi, banja lonse lingakwere phiri la Kanjala m'mawa dzuwa lisanatenthe, mutanyamula madzi. Mabwalo a sukulu ndi a mpingo ndi abwino kuzungulira, koma pemphani kaye kwa a hedi kapena akuluakulu a mpingo.

Nyengo idzasintha dongosolo lanu

Mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, masana si nthawi yoyenda. Kumacha msanga, choncho tulukani m'mawa kwambiri, mumwe madzi musananyamuke ndi pobwera. Mu Juni ndi Julayi 05:30 kumakhala kukadali mdima ndi chisanu, ndiye sunthirani masewera ku ola la nkhomaliro. M'dzinja njira za m'makomboni zimaterera ndipo ngalande zimadzaza. Masiku amenewo sitepe ya khonde ndi zigubu zija zilowe m'malo mwa msewu. Kukamachita ziphaliwali lowani m'nyumba, musabisale pansi pa mtengo. Amene ali ndi kamunda kunja kwa tauni, kupalira kwa Loweruka kwakwanira, musawonjezerenso china tsiku limenelo.

Nsapato za pa salaula ku Saturday Market kapena ku Kapata n'zokwanira. Yang'anani kunsi kuti sizinadyeke mbali imodzi, pindani muone kuti zikupindikira kuzala, ndipo kutsogolo kutsale mpata wa chala chimodzi. Kayeseni madzulo, mapazi atatupako, mutavala sokosi. Mapatapata amabweretsa matuza ndi ululu wa chidendene.

Mwezi woyamba

Sabata yoyamba, mphindi 10 zokha pa tsiku, masiku asanu, ngakhale mukumva kuti mungathe zambiri. Chimene mukuyesa ndi dongosolo la pakhomo lija, ngati ana akuvekedwadi ndipo aneba akugogodadi. Sabata yachiwiri fikani mphindi 15, muyambenso zolimbitsa minofu kamodzi. Yachitatu mphindi 20, zolimbitsa minofu kawiri. Yachinayi yesani 30, kaya nthawi imodzi kapena mozigawa m'mawa ndi masana. Chongani tsiku lililonse pa kalendala ya pakhoma, pamene ana akuona. Amakonda kugwira kholo likajomba.

Sikelo ingathe kusasuntha mwezi woyambawo, makamaka ngati mbale ya nsima, vitumbuwa vya 10:00 ndi zakumwa zotsekemera zili chimodzimodzi. Musaweruze ndi sikelo yokha. Onani mmene mukugonera, ndi mmene mukupumira pa chitunda chimene kale chinkakuimitsani pakati.

Kujomba kudzachitika. Kudzagwa maliro kumudzi, mwana adzadwala, kuntchito kudzabwera malipoti a kumapeto kwa mwezi. Mukajomba masiku ochepa, pitirizani pamene munalekezera, osabweza ngongole ya masiku otayikawo. Mukajomba milungu iwiri kapena kuposa, yambirani pa theka. Thupi likatentha musachite masewera alionse, kayezetseni malungo, ndipo mudikire mpaka mutatsiriza mankhwala ndi kupezanso mphamvu.

Mukamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, chizungulire, befu losagwirizana ndi zimene mukuchita, kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, imani pomwepo ndipo wina akuperekezeni kuchipatala. A shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga, aziyenda ndi maswiti angapo m'thumba ndipo asatuluke ndi njala. Pakatha miyezi itatu kayezetseninso BP, mulembe manambalawo pansi pa oyamba aja, mupite nako kabukuko kukiliniki. Ngakhale atatsika bwanji, mankhwala musasiye nokha. Wochepetsa kapena kusintha ndi adokotala, ataona manambalawo.